Ndikufuna digiri ya Chihindi ku India, koma amalume akuti ndidzadya chiyani

FUNSO: Aphunzitsi, ndine mtsikana wa zaka 19 wa ku Limbe, ndipo MSCE ndinakhoza bwino. Ndakula ndikuonera mafilimu achimwenye, moti pano mawu ambiri ndimawamva popanda womasulira. Ndamva kuti boma la India limalipirira maphunziro ana a ku Africa, ndiye ndikufuna kupempha malo a digiri yoyamba ya chiyankhulo cha Chihindi ndi zolembedwa zake. Amalume akuti kumeneko n'kutaya nthawi, bola za mankhwala kapena za makompyuta. Kodi pa digiri imeneyi amaphunzira chiyani? Ndingaithe? Nanga ndikadzamaliza ndidzagwira ntchito yanji?

YANKHO: Achemwali, amalumewo musawakwiyire. Funso lawo ndi loona, kungoti alifulumiza, ndipo tifikako. Chimene chandiimitsa ine m'kalata yanu n'china. Chinthu chimene mukuchilakalaka ndi chimene mukachipeze m'kalasi si chimodzi.

Digiri imeneyi, imene kumeneko amangoti BA Hindi, anaikonzera mwana amene anayamwira chiyankhulocho, kapena amene wachiphunzira kusukulu kuyambira ali wamng'ono. Palibe amene akakuphunzitseni kupereka moni kapena kufunsa mtengo wa tomato. Mphunzitsi amalowa tsiku loyamba n'kuyamba kuyankhula Chihindi cha m'mabuku, mabuku owerenga onse ndi a Chihindi, ndipo mayeso mumalemba m'Chihindi, pamanja, masamba ndi masamba. Tayerekezani mnyamata wa ku Japan amene wakonda nyimbo zathu pa YouTube, ndipo amatha kunena kuti "zikomo" ndi "ndimakukonda". Abwere ku Zomba, akhale benchi limodzi ndi ana amene analemba Chichewa pa MSCE, sabata yoyamba apatsidwe ndakatulo yodzaza zining'a ndi mikuluwiko kuti aisanthule. Angalire. Mukati mupite lero, mnyamata ameneyo ndinu.

Komanso Chihindi cha m'mafilimucho si chimene chimalembedwa pa bolodi. Mawu amene mukuti mumawamva ndingathe kuwalosera: dil, mtima, mohabbat ndi ishq, chikondi, zindagi, moyo, dost, bwenzi, shukriya, zikomo. Onsewa anachokera ku Chiperisiya ndi Chiarabu, ndipo Chihindi chimagawana mawuwa ndi mbale wake, Chiurdu. Ziyankhulo ziwirizi zinaphuka pa tsinde limodzi, chiyankhulo cha m'dera la Delhi chotchedwa Khari Boli, ndipo pamsika eni ake amamvana bwinobwino. Zinapatukana kwambiri m'zaka za m'ma 1800. Chiurdu chinapitiriza kulembedwa ndi malembo a Chiperisiya, kuchokera kumanja kupita kumanzere, pomwe olimbikitsa Chihindi anagwiritsa malembo a Devanagari n'kumatunga mawu awo akuluakulu ku Chisansikiriti, chiyankhulo chakale cha malemba a Ahindu. Ndiye m'kalasi mtima ndi hriday, chikondi ndi prem, moyo ndi jeevan, bwenzi ndi mitra, zikomo ndi dhanyavaad. Buku lomwe mumsewu ndi kitaab, pa pepala la mayeso ndi pustak. Ambiri mwa amene ankapeka nyimbo za m'mafilimu a ku Mumbai anali alakatuli a Chiurdu, n'chifukwa chake munthu akhoza kuimba nyimbo zambirimbiri pamtima koma n'kulephera kumva chimene funso la mayeso likufuna.

Chimene chimadzidzimutsa alendo kwambiri n'chakuti gawo lalikulu la zowerenga silili ngakhale m'Chihindi cha masiku ano. Maphunzirowa amatsamira pa buku la mbiri ya zolembedwa za Chihindi limene Ramchandra Shukla, mphunzitsi wa pa Banaras Hindu University, anatulutsa mu 1929. Iye anagawa mbiriyo m'nyengo zinayi, ndipo ngakhale akatswiri omutsutsa amayambira pa magawo ake omwewo. Yoyamba ndi ya ndakatulo zotamanda mafumu ndi nkhondo zawo. Yachiwiri, Bhaktikal, ndi ya ndakatulo zachipembedzo. Yachitatu, Ritikal, ndi ya alakatuli a m'mabwalo a mafumu amene ankapikisana pa ukadaulo wosanja mawu, makamaka pa nkhani zachikondi. Yachinayi ndi yamakono. Musamale ndi zaka zake. Shukla ankawerengera pa kalendala ya Vikram Samvat, imene ili patsogolo pa yathu ndi zaka pafupifupi 57. Mukaona kuti Bhaktikal ndi 1375 mpaka 1700, kwa ife ndi 1318 mpaka 1643. Ine zimenezi zinandizunguza mutu mwezi wathunthu, ndikudabwa kuti bwanji mlakatuli akuoneka ngati analemba atamwalira kale, mpaka mnzanga wina anandimvera chisoni n'kundiuza.

Nyama yeniyeni ya digiriyi ili mu Bhaktikal. Muli Kabir, woomba nsalu wa ku Varanasi wa m'zaka za m'ma 1400, amene anakulira m'banja lachisilamu ndipo ankadzudzula ansembe achihindu ndi akuluakulu achisilamu mosasiyanitsa, ndi timizere tiwiritiwiri toluma ngati tsabola wa kambuzi. Muli Surdas, woimba za ubwana wa Krishna, mmodzi wa milungu ya Ahindu. Muli Mirabai, mkazi wa kubanja lachifumu ku Rajasthan. Muli Malik Muhammad Jayasi, Msilamu amene analemba ndakatulo yake yaitali mu 1540. Ndipo pamwamba pa onse pali Tulsidas, amene mu 1574 anayamba kulemba Ramcharitmanas, nkhani ya Rama, mfumu imene Ahindu amaipembedza, m'chiyankhulo cha anthu wamba. Koma Surdas analemba mu Braj, Jayasi ndi Tulsidas mu Awadhi, ndipo chiyankhulo cha Kabir ndi chosakaniza. Ziyankhulo zimenezi n'zapachibale ndi Chihindi cha lero, koma munthu amazimva monga mmene Mchewa wa ku Dedza amamvera Chisena cha ku Nsanje, kutola apa ndi apo. Mwana wa kumeneko amakhala ndi pogwira. Mlendo amakhala akuphunzira ziyankhulo zitatu nthawi imodzi pomwe analembetsa chimodzi.

Sindidzaiwala tsiku limene anandilola kukhala kumbuyo m'kalasi ya ndakatulo zakale pa koleji ina kumpoto kwa India. Ndinali nditaphunzira Chihindi kopitirira chaka, ndipo ndinkadziona kuti ndafikapo chifukwa ndinkatha kunenerera mtengo ndi ogulitsa masamba pamsika. Mphunzitsi, mayi wachikulire wa imvi, sanatsegule n'komwe buku. Anangoyamba theka la mzere wa Tulsidas moimba, n'kudukiza. Kalasi yonse inamalizitsa, ena maso ali panja pa zenera, wina akusaka cholembera m'chikwama. Sanaloweze zimenezo pofuna mayeso ayi. Anamva agogo awo akuimba kunyumba, ndipo chaka chilichonse amaonera Ramlila, masewero a nkhani ya Rama, m'dera lawo. Zili ngati nditaima pamaso pa ana a ku Mchinji n'kunena kuti "Mutu umodzi", onse amvekere "susenza denga". Ine ola lonselo ndinalemba m'kope mawu atatu amene ndinawazindikira, ndipo limodzi mwa atatuwo ndinalimva molakwika.

Ndiye pali masamu. Ndakatulo zakalezi zimayezedwa ndi mlingo wotchedwa matra: phatikizo lalifupi ndi matra imodzi, lalitali ndi ziwiri. Mtundu wa ndakatulo wotchedwa doha uli ndi mizere iwiri, mzere uliwonse matra 24, zogawidwa 13, kupuma, kenaka 11. Chaupai, umene Tulsidas anaugwiritsa ntchito kwambiri, uli ndi matra 16 pa chigawo chilichonse. Dzina loti Ram poyankhula limathera pa m, koma m'ndakatulo a womaliza uja amawerengedwa: raa ziwiri, ma imodzi, zonse zitatu. Mudzaona ophunzira akuwerenga ndi zala pansi pa desiki. Mudzaphunziranso alankar, zokometsera mawu monga zifanifani, ndi rasa, mitundu isanu ndi inayi ya zimene ndakatulo imadzutsa mumtima: chikondi, chiseko, chisoni, mkwiyo, kulimba mtima, mantha, kunyansidwa, kudabwa ndi mtendere. Funso limene silisowa pa mayeso ndi lakuti amakupatsani ndime yopanda dzina. Inu munene mwini wake ndi buku lake, mufotokoze pamene nkhani yafika, mumasulire tanthauzo, kenaka musonyeze luso lake. Ameneyo ndi wophunzira wa chaka choyamba.

Nyengo yamakono imapumitsako, chifukwa apa ndi pomwe Khari Boli imayamba kulamulira. Angerezi anatsegula Fort William College ku Calcutta mu 1800 kuti akuluakulu awo aphunzire ziyankhulo za anthu amene ankawalamulira, ndipo ena mwa mabuku oyambirira a nkhani za Chihindi analembedwera kumeneko. Nyuzipepala yoyamba ya Chihindi, Udant Martand, inatuluka mu 1826, ku Calcutta komweko. Bharatendu Harishchandra, amene amamutcha tate wa Chihindi chamakono, anamwalira mu 1885 ali ndi zaka 34 zokha, atasiya masewero ndi magazini amene anasintha zinthu. Kenaka Mahavir Prasad Dwivedi, mkonzi wa magazini ya Saraswati kuyambira 1903 mpaka 1920, ankakonza chiyankhulo cha aliyense womutumizira nkhani, mpaka kalembedwe kanakhazikika. Ntchito imene kuno tinaipereka ku Chichewa Board mu 1972, kumeneko mbali yaikulu anaigwira mkonzi mmodzi wouma mutu. Alakatuli anayi a gulu la Chhayavad, Jaishankar Prasad, Nirala, Sumitranandan Pant ndi Mahadevi Varma, ndi okoma koma olemera ndi mawu a Chisansikiriti, ndipo mlendo amawafika mochedwa.

Amene mudzamukonde msanga ndi Premchand. Anabadwa mu 1880 pamudzi wa Lamhi pafupi ndi Varanasi, anali mphunzitsi, anayamba kulemba m'Chiurdu kenaka n'kusamukira ku Chihindi, ndipo chiyankhulo chake n'chapansipansi, cha anthu. Nthano yake yaitali yotchedwa Godan inatuluka mu 1936, chaka chimene anamwalira. Ndi ya mlimi wosauka, Hori, amene khumbo lake lonse ndi kukhala ndi ng'ombe imodzi yaikazi pakhomo. Aipeza pa ngongole, m'bale wake aipatsa chiphe chifukwa cha nsanje, ndipo kuyambira pamenepo ngongole imodzi imabala inzake: mwini malo akufuna zake, okongoza ndalama zawo, wansembe zake, wapolisi zake. Hori amafa akugwira ganyu. Mwambo umafuna kuti munthu akamatsirizika aperekedwe ng'ombe kwa wansembe, koma mkazi wake ali ndi timakobidi tochepa chabe, ndipo n'tomwe amapereka. Anzanga ena ochokera ku Ulaya ankafuna kuwafotokozera chifukwa chimene munthu angakongolere ndalama pa chiwongoladzanja chotere. Ine sindinafune womasulira. Aliyense amene anaonapo katapila akudya banja, kapena mlimi akugulitsa chimanga chikadali chachiwisi m'munda, amamudziwa Hori ngati mnansi wake.

Kupitirira apo mudzakumana ndi olemba a pambuyo pa ufulu wa 1947, olemba achizimayi, ndi olemba a gulu la Dalit, anthu amene dongosolo la mitundu linawaika pansi pa onse, monga Omprakash Valmiki amene mbiri ya moyo wake inatuluka mu 1997. Zolembedwazi zikadali zamoyo: mu 2022 nthano ya Geetanjali Shree, itamasuliridwa m'Chingerezi, inapata mphotho ya International Booker, koyamba kuti buku la Chihindi litero. Palinso maphunziro a sayansi ya chiyankhulo, ndi ena a Chihindi cha pa ntchito: makalata a boma, kumasulira, utolankhani, kutsatsa malonda.

Tsopano funso lakuti mungaithe. Chiyankhulocho mungachithe, ndipo monga Mchewa muli ndi mwayi umene Mngerezi alibe.

Malembo a Devanagari amaopsa ndi maso okha. Lembo lililonse lopanda liwu limabwera kale ndi a, ndipo mumangoonjezera kachizindikiro kuti liwu lisinthe: क ndi ka, कि ndi ki, कु ndi ku, के ndi ke, को ndi ko. Ndi ka ke ki ko ku wa ku Sitandade 1 uja. Malembo a liwu alipo 11, opanda liwu 33 pa kawerengedwe ka masiku onse, ndipo munthu wakhama amayamba kuwerenga zikwangwani mwezi usanathe. Amene amatenga nthawi ndi malembo ophatikizana, awiri kapena atatu akalumikizidwa kukhala chimodzi.

Khutu lanu linazolowera kale kusiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola. Chihindi chimachita chimodzimodzi: pal ndi kamphindi, phal ndi chipatso. Azungu amathera miyezi pamenepa, ife timangodutsa. Ulemu nawonso ndi wathu womwe. Chihindi chili ndi tu, tum ndi aap pomwe ife tili ndi iwe ndi inu, ndipo munthu wamkulu amatchulidwa mochulukitsa monga timanenera kuti abambo abwera. Msintho wa mneni uliponso: padhna ndi kuphunzira, padhaana ndi kuphunzitsa, karna kuchita, karaana kuchititsa. Dheere dheere ndi pang'onopang'ono. Ngakhale lamulo limene alendo amaliopa kwambiri, la kamawu koti ne kamene kamasandutsa main (ine) kukhala maine, silachilendo kwenikweni kwa ife. Pa zimene zinachitika kale, mneni amagwirizana ndi chinthu chochitidwacho osati wochitayo: maine kitaab padhi, ndinawerenga buku, koma maine akhbaar padha, ndinawerenga nyuzipepala. Munthu amene amanena kuti bukulo ndinaliwerenga, nyuzipepalayo ndinaiwerenga, amadziwa kale kuti mneni akhoza kuloza pamtherankhani.

Zovuta zilipo ndithu. Dzina lililonse ndi lachimuna kapena lachikazi, ndipo nthawi zambiri palibe chifukwa: buku ndi lachikazi, nyuzipepala yachimuna, madzi achimuna, roti (buledi wawo wopyapyala) yachikazi. Mneni amasinthanso malinga ndi woyankhula. Inu muzidzati main jaati hoon, ndimapita, pomwe mchimwene wanu aziti main jaata hoon. Atsikana ophunzirira m'mafilimu ambiri amatengera kayankhulidwe ka mnyamata wa mufilimuyo, anthu n'kumaseka chamumtima. Mneni amakhala kumapeto kwa chiganizo, ndipo aperekezi amatsatira dzina: ghar mein, ngati kunena kuti nyumba mu. Pali bh, dh, gh ndi jh amene ife tilibe. Pali t ndi d amitundu iwiri, wina lilime likugunda mano, wina litapindikira m'mwamba. Saat ndi 7, saath wa lilime lopinda ndi 60, saath wa pamano ndi "pamodzi". Pamsika kusiyana kumeneku ndi ndalama. Manambala kuyambira 1 mpaka 100 muyenera kuwaloweza limodzilimodzi chifukwa lililonse lili ndi kaumbidwe kake. Ndipo liwu loti kal limatanthauza dzulo komanso mawa, mneni ndiye amakuuzani.

Kuti mlendo akhoza kufika pamwamba, umboni ulipo. Camille Bulcke, wansembe wachikatolika wa ku Belgium, anafika ku India mu 1935, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 anamaliza digiri ya udokotala pa Allahabad University ndi kafukufuku wa nkhani ya Rama wolembedwa m'Chihindi. Dikishonale yake ya Chingerezi ndi Chihindi ya 1968 ikugwirabe ntchito m'maofesi, ndipo boma la India linamupatsa ulemu wa Padma Bhushan mu 1974. Koma taonani zakazo. Kuchokera 1935 kufika pamenepo si ulendo wa miyezi.

Njira imene alendo amadzera ndi iyi. Ku Agra, mzinda wa Taj Mahal, kuli Kendriya Hindi Sansthan, sukulu ya boma imene inakhazikitsidwa mu 1960, ndipo imalandira ophunzira akunja n'kuwaika m'makalasi malinga ndi pamene afika, kuyambira amene sadziwa lembo ndi limodzi lomwe. Ku Wardha kuli yunivesite ya Chihindi yotchedwa dzina la Mahatma Gandhi, ya mu 1997. Mayunivesite akuluakulu ngati la Delhi ndi la Banaras alinso ndi makosi a setifiketi ndi dipuloma a alendo. Thandizo limene mwamvalo kwenikweni ndi la Indian Council for Cultural Relations, ndipo khomo lake kwa ife ndi ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe. Pitani nokha mukafunse, musadzere mwa munthu wapakati wofuna kangachepe. Mufunsenso, ndipo yankho likhale lolembedwa, ngati yunivesite imene mukuifuna ikulandira MSCE yanu kukhala yofanana ndi kalasi 12 yawo, musanalipire kalikonse. Chaka cha maphunziro chimayamba cha mu Julaye kapena Ogasiti. Digiri yoyamba inali ya zaka zitatu, koma kuchokera pa ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya 2020 mayunivesite ambiri, kuphatikizapo la Delhi, anaonjezera chaka chachinayi, ndipo amalola munthu kukhala ndi phunziro lalikulu ndi lina laling'ono.

Musankhenso bwino mzinda. Anthu ambiri kuno amaganiza kuti Mmwenye aliyense amayankhula Chihindi. Kalembera wa 2011 anapeza kuti anthu pafupifupi 528 miliyoni, kapena kuti 44 pa 100 alionse, anati Chihindi ndicho chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo chiwerengerocho chinaphatikiza oyankhula Bhojpuri ndi ziyankhulo za ku Rajasthan. Malamulo a dzikolo amatchula ziyankhulo 22. Chihindi chinasankhidwa pa 14 Sepitembala 1949 kukhala chiyankhulo cha ntchito za boma lalikulu, koma pamene nthawi yosiya Chingerezi inakwana mu 1965, anthu a kum'mwera, makamaka Atamil a ku Madras (lero Chennai), anachita zipolowe zoopsa, ndipo Chingerezi chinatsala mpaka lero. Ife amene tikudziwa mmene anzathu a kumpoto anamvera Chichewa chitakwezedwa mu 1968 sitingadabwe. Ndiye mukapita ku Chennai kapena Bengaluru, kumene makoleji ambiri a za makompyuta ali, mumsewu mudzamva Chitamil kapena Chikannada. Chihindi chili kwawo ku Delhi, Uttar Pradesh, Bihar, Madhya Pradesh, Rajasthan ndi madera oyandikana nawo. Kumeneko Meyi ndi Juni kutentha kumapitirira madigiri 40, kuposa Chikwawa wa mu Okutobala, ndipo Januwale amazizira mpaka m'mafupa. Dziwaninso kuti munthu wakuda amayang'anidwa, ndipo mukayamba kumva chiyankhulo mudzamvanso zimene ena akunena za khungu lanu poganiza kuti simukumva. Koma ndaonanso nkhope ya wogulitsa ikusintha, mtengo n'kutsika, tiyi n'kubwera, chifukwa choti wayankhidwa m'chiyankhulo chake.

Tafika kwa amalume. Mwana wa ku India amene watenga BA Hindi ali ndi njira zodziwika. Malamulo amafuna kuti maofesi a boma lalikulu ndi mabanki a boma azigwiritsa ntchito Chihindi pambali pa Chingerezi, choncho amalemba omasulira ndi maofesala a chiyankhulo kudzera m'mayeso a boma. Ena amaonjezera digiri ya uphunzitsi, ena amapitiriza digiri yachiwiri ya MA n'kulemba mayeso a boma otchedwa NET kuti akaphunzitse ku koleji, ena amalowa m'nyuzipepala zikuluzikulu ngati Dainik Jagran ndi Dainik Bhaskar. Ntchito za bomazo ndi za nzika za India, ndipo pa zinazo mukapikisana ndi anthu amene amalota m'Chihindi. Kuno kwathu, sindinaonepo ntchito m'nyuzipepala yofuna munthu wa digiri ya Chihindi. Musawerengerenso masitolo a mu Limbe: mabanja ambiri achimwenye a kuno makolo awo anachokera ku Gujarat, kunyumba amayankhula Chigujarati kapena ziyankhulo zoyandikana nacho, ndipo m'sitolo amayankhula Chichewa chabwino kuposa cha ana ena a ku Namiwawa. Mipata ilipo ing'onoing'ono, monga kuthandiza odwala athu amene amapita ku zipatala za ku India, amalonda okaoda katundu, kapena ntchito za ukazembe, koma zonsezi zimafuna munthu woyankhula bwino, osati wodziwa kuwerenga matra za doha. Pamenepa amalume akunena zoona.

Chimene ndingakulangizeni chikudalira yankho limene mungadzipatse nokha usiku muli chigonere. Ngati chimene mukufuna ndi kuyankhula Chihindi ndi kukhala pakati pa eni ake, tengani phunziro lina limene lingakudyetseni, mukaliphunzire mumzinda wa Chihindi, n'kuonjezera dipuloma ya chiyankhulo. Zaka zitatu za m'basi, pamsika ndi m'chipinda chogona ndi anzanu zidzakupatsani zambiri kuposa mafilimu onse amene mwaonera. Malemu Bingu wa Mutharika ku Delhi anakaphunzira za chuma, ndipo Amalawi ambiri adzera njira yotero. Koma ngati muli munthu amene pa MSCE munkasangalala ndi pepala la ndakatulo ndi nthano kuposa ena onse, amene mumawerenga buku mpaka nsima kupserera, ndiye digiriyi ndi yanu, pokhapokha muyambe mwapereka chaka chimodzi kapena ziwiri ku chiyankhulo chokha, ndipo muvomereze kuti BA ndi poyambira. Mapeto ake ndi MA, kafukufuku, kuphunzitsa ku yunivesite kapena kumasulira mabuku.

Pa kumasulirapo ndi pomwe mtima wanga uli, ndipo ndivomere kuti apa ndikukondera. Nkhani za ku India zikatifika, zimadzera m'Chingerezi, ndipo Chingerezi chimataya zinthu zimene ife tikanazisunga. Tu, tum ndi aap onse amasanduka liwu limodzi, moti mkazi akasiya kunena aap kwa mwamuna wake n'kuyamba tu, wowerenga m'Chingerezi sadziwa kuti m'nyumbamo mwagwa chinthu. Mchewa angadziwe nthawi yomweyo, chifukwa inu akasanduka iwe timamva kuzizira. Chibale nachonso: taau ndi bambo aakulu, chaacha ndi bambo aang'ono, bua ndi azakhali, mausi ndi mchemwali wa amayi, maama ndi malume. Chingerezi chimaunjika onsewa m'mawu awiri okha, pomwe nkhani zambiri za m'banja zimayenda pa kusiyana kumeneku. Anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa aja anatisonyeza kale kuti anthu athu nkhanizi amazifuna, ngakhale nthawi zina amangopeka zawo pomwe sanamve. Munthu wotha kutenga nthano ya Premchand kuchokera m'Chihindi kuilowetsa m'Chichewa osadzera kwa Mngerezi angagwire ntchito yokongola. Sindikulonjeza kuti ingamulemeretse.

Musanalembe fomu iliyonse, dziyeseni miyezi itatu muli konkuno. Mwezi woyamba phunzirani malembo, mphindi 30 tsiku lililonse, polemba pamanja m'kope osati pongoyang'ana pa foni. Mabuku a Chihindi a ana a pulayimale a bungwe la boma la NCERT amapezeka aulere pa intaneti. Mwezi wachiwiri yambani la kalasi yoyamba, muziwerenga mokweza. Mwezi wachitatu tsegulani nkhani za pa wailesi za Chihindi m'malo mwa filimu, muone kuti mukutolapo zingati. Kopelo likadzadza, mulitenge popita kukakambirana ndi amalume, pamodzi ndi mayankho a ku Lilongwe aja. Powapatsa moni mukhoza kuwatchula kuti maamaji. Ji wakumapetoyo ndi waulemu, ngati a- wathu wa kumayambiriro.